Mmene kolera inatipezera kuno kumapiri

Papita nthawi ndisanalembe kanthu pano, mundikhululukire, choko ndi mapepala ochonga sizipatsa munthu mpata. Lero ndabwera ndi nkhani yaitaliko, ndiye khalani pansi.

Ife a pa Chikangawa tinakhala zaka zambiri tikukhulupirira kuti kolera ndi matenda a kotentha. Tinkati ndi za ku Nsanje, ku Chikwawa, ku nyanja ya Chilwa, mwinanso kwa Mgona ndi ku Ndirande, osati kuno kumene nkhungu imakuta mapaini mpaka dzuwa litakwera ndipo madzi a mumtsinje amalasa mano ndi kuzizira. Ine ndemwe ndinanenapo zimenezi pamaso pa ana, ndikuvomera. Maganizo amenewa anandithera usiku wina mu Januwale 2023, pamene mlamu wanga, amene amapikula usipa ku Nkhata Bay n'kumagulitsa m'misasa ya ocheka matabwa, anagogoda pakhomo pathu atapinda msana. Pofika 2 koloko usiku anali atapita kuchimbudzi kosawerengeka, maso atalowa m'kati, mawu atasasa, minofu ya m'miyendo ikukokana. Ndibwereranso kwa iye kutsogoloku. Koma chichokereni usiku umenewo ndakhala ndikuwerenga mbiri ya nthendayi monga mmene mphunzitsi wa mbiri amachitira chinthu chikamuopsa, ndipo chimene ndapeza n'chakuti mankhwala ake enieni ndi otchipa kuposa botolo la fanta. Chimene chakhala chikupha anthu, kuyambira kale mpaka lero, ndi maola amene amatayika munthu asanayambe kulandira madzi, komanso ukhondo wa pamalo pamene tagoneka odwala.

Tiyambe ndi chimene chimachitika m'thupi, popeza popanda chimenechi mbiri yonseyi siimveka. Kolera imayamba ndi bakiteriya wotchedwa Vibrio cholerae, amene amalowa ndi madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu. Bakiteriyayu sadya thupi ayi, ndipo salowa n'komwe m'magazi. Amangokakamira m'matumbo n'kumatulutsa poizoni, ndipo poizoniyo amachititsa khoma la matumbo kutaya mchere, madzi n'kumatsatira mcherewo. Munthu wamkulu atha kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Chimbudzi chimaoneka ngati madzi otsukira mpunga. Magazi amauma, mtima umasowa chopopa, impso zimaima. Munthu amene anadya nsima bwinobwino masana atha kumwalira tambala asanalire. Mwa amene yawagwira kwambiri ndipo sanalandire thandizo lililonse, mpaka theka amafa. Koma akalandira madzi pa nthawi yake, amene amafa sakwana mmodzi mwa 100 alionse. Kusiyana kwa manambala awiriwa ndiye nkhani yonse.

Chodabwitsa n'chakuti yankho linapezeka msanga, dziko n'kuliiwala. Mu 1832 kolera inali itafika ku Scotland. Dokotala wina wa ku Leith, Thomas Latta, atawerenga zimene William O'Shaughnessy anapeza, zakuti magazi a odwala kolera amakhala atataya madzi ndi mchere, anaganiza zothira madzi a mchere mumtsempha. Anayesa pa mayi wina wokalamba amene anali atatsala pang'ono kutsirizika, ndipo mayiyo anatsitsimuka mpaka kuyamba kulankhula. Pambuyo pake anamwalirabe, nthenda itamubwereranso madzi osapitirizidwa. Imeneyo ndiyo dilipi yoyamba imene timaidziwa. Latta anamwalira chaka chotsatira, mliri unatha, ndipo madokotala anabwerera ku njira zawo zakale zokhetsa magazi odwala ndi kuwamwetsa mankhwala otsekula m'mimba. Tangoganizani, munthu akuuma kale, inu n'kumamuchotsanso magazi! Ndikamauza ana a fomu 3 nkhani imeneyi amaseka, koma ndimawakumbutsa kuti ochita zimenezo anali anthu ophunzira kwambiri a nthawi yawo.

Za John Snow ndi mjigo wa mu Broad Street ku London mu 1854 sindichedwapo, mabuku ambiri analemba kale: anawerenga nyumba za maliro, napeza kuti zazungulira mjigo umodzi, napempha kuti achotse chogwirira chake. Chaka chomwecho Filippo Pacini ku Florence anamuona bakiteriyayu pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono, koma palibe anamumvera mpaka Robert Koch atamupezanso ku Egypt ndi ku Calcutta mu 1883 ndi 1884. Kum'mawa kwa Africa nakonso nthendayi inkafika ndi zombo za amalonda. Inakantha Kilwa mu 1859, ndipo inapululutsa anthu ku Zanzibar mu 1869 ndi 1870, madoko omwe aja kumene kunkathera maulendo a minyanga ndi akapolo ochokera kwa Jumbe ku Nkhotakota.

Anthu amene ine ndimafuna ana athu aziwadziwa ndi a ku India ndi ku Bangladesh, chifukwa ankagwira ntchito m'umphawi wofanana ndi wathu. Mu 1959 Sambhu Nath De wa ku Calcutta anamanga kachigawo ka thumbo la kalulu, nathiramo madzi amene munakulira bakiteriya, koma atasefa n'kuchotsa bakiteriya yense. Thumbolo linatupabe ndi madzi. Apo m'pamene zinadziwika kuti wopha munthu ndi poizoni. Cha m'zaka zomwezo akatswiri ena anapeza kuti m'matumbo muli kakhomo kena kamene kamalowetsa mchere pokhapokha ukabwera limodzi ndi shuga, ndipo poizoni wa kolera sakatseka kakhomo kameneka. Ndiye kuti ukamwetsa wodwala madzi osakaniza mchere ndi shuga pa mlingo woyenera, thupi limayamwa ngakhale akutsekulabe. David Nalin ndi Richard Cash anatsimikiza zimenezi pa odwala ku Dhaka mu 1968.

Mayeso aakulu anabwera mu 1971, pa nkhondo ya ufulu wa Bangladesh. Anthu mamiliyoni anathawira ku India, ndipo kolera inabuka m'misasa. Dokotala Dilip Mahalanabis anali pa msasa wa Bangaon, madilipi atamuthera, oika dilipi nawonso ochepa. Anasakaniza shuga wa glucose, mchere wa patebulo ndi soda m'migolo, nauza achibale a odwala kuti azitunga ndi makapu n'kumamwetsa abale awo usana ndi usiku. Pa odwala oposa 3,000, imfa zinatsika kuchoka pa 30 mwa 100 alionse kufika pa osakwana 4. Taonani kuti amene anapulumutsa anthuwo anali magadiyani wamba, amayi ndi alongo osadziwa n'kulemba komwe. Kapaketi ka Thanzi kamene timagula pa golosale ndi mdzukulu wa migolo imeneyo. Mahalanabis anamwalira mu Okutobala 2022, mliri wathu uli pakati, ndipo sindinamve dzina lake likutchulidwa pa wailesi iliyonse kuno.

Tsopano tibwere kwathu. Mliri wa padziko lonse umene tili nawo mpaka pano, wachisanu ndi chiwiri, unayambira pa chilumba cha Sulawesi ku Indonesia mu 1961. Unafika mu Africa mu 1970, ndipo m'Malawi muno unalowa mu 1973. Boma la nthawi imeneyo linalemba anthu oti azithandiza kulimbana ndi kolera m'midzi, kuwonjezera pa amene ankabaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960. Ntchito yawo inali kuyenda mudzi ndi mudzi, kuona zitsime ndi zimbudzi, kuthira mankhwala m'madzi ndi kukanena msanga akapeza wodwala. Mliri utachepa sanawachotse onse. Anapitiriza ntchito ya kalondolondo wa matenda, ndipo gulu limeneli ndi limene linadzasanduka alangizi a zaumoyo, ma HSA, ovala yunifolomu ya buluu aja amene lero amayeza ana kusikelo, kubaya katemera ndi kugawa kolorini. Ena mwa inu ana anga mukugwira ntchito imeneyi ku Euthini, ku Embangweni, kwa Jenda ndi kwina, mwina osadziwa kuti ntchito yanu inabadwa ndi nthomba n'kuleredwa ndi kolera.

Gawo limene ndikufuna tichedwepo ndi la othawa nkhondo a ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, dziko lathu linalandira anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ambiri mwa iwo ku Nsanje. Mu 1988, pakati pa Malichi ndi Meyi, odwala kolera 951 analembedwa pa msasa wa Mankhokwe. Mu 1990, kuyambira pa 23 Ogasiti mpaka pa 15 Disembala, msasa wa Nyamithuthu unaona odwala 1,931, ndipo 68 anamwalira. Madokotala amene anali pamenepo sanangochiza, analembanso zimene anaona, ndipo zolemba zawo zimawerengedwa m'masukulu a zaumoyo kunja kuno ife eni ake tisakuzidziwa.

Anapeza zinthu zingapo zimene zimandikhudza. Choyamba, mwa amene anamwalira ku Nyamithuthu, 63 mwa 100 alionse anamwalira tsiku limodzi lisanathe chifikireni pa tenti ya odwala. Kutanthauza kuti ankafika mochedwa, atauma kale, kapena madzi oyambirira sanali okwanira. Chachiwiri, ndipo ichi n'chimene ambiri sachiyembekezera, ena ankapulumuka kolera n'kudzamwalira ndi kutentha thupi patapita masiku, ndipo ofufuzawo anakayikira singano za dilipi zimene zinkakhalitsa mumtsempha. Dilipi yomweyo yopulumutsa moyo ikhoza kukhala khomo la tizilombo tina ikasiyidwa nthawi yaitali pamalo opanda ukhondo. N'chifukwa chake masiku ano namwino amafulumira kuchotsa dilipi wodwala akangoyamba kutha kumwa. Ife kumudzi timaona ngati akutimana thandizo, poti kwa Mmalawi chipatala chopanda dilipi kapena jakisoni si chipatala, koma namwinoyo amakhala akudziwa chimene akuchita.

Chachitatu chinali cha m'nyumba. Amene ankamwa madzi a mumtsinje ankadwala kwambiri, zimenezo n'zodziwikiratu. Koma choopsa koposa chinali kupisa manja m'ndowa ya madzi akumwa: munthu watunga madzi abwino pa mjigo, wafika nawo kunyumba, kenaka aliyense akumiza kapu ndi zala zomwe. Bakiteriya anamupeza m'madzi osungidwa m'nyumba momwemo. Ndipo m'mabanja amene analibe nkhuni zokwanira, kudya ndiwo zogona za mtundu wa nandolo zosatenthetsanso kunkawadwalitsa kowirikiza. Nkhuni! Ife okhala pakati pa nkhalango ya Viphya, amene timawotcha zigamba za matabwa ngati zinyalala, tingavutike kumvetsa kuti munthu angafe chifukwa chosowa mtolo umodzi wotenthetsera mkute. Mu 1993 pa msasa womwewo wa Nyamithuthu anayesa kugawa ndowa yovindikira yokhala ndi kamlomo kothirira, yoti dzanja silingalowemo, ndipo ana a m'mabanja amene analandira ndowazo anatsekula m'mimba mocheperapo. Ndowa za mpopi zimene tinaziona pa khomo la kalasi iliyonse nthawi ya Covid-19 si nzeru yachilendo kwenikweni.

Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, anthu anabwerera kwawo, koma kolera inatsala. Inkabwera pafupifupi dzinja lililonse kumadera a kummwera. Ya 2001 ndi 2002 inakumana ndi njala ija, anthu akudya gaga ndi zitsinde za nthochi, ndipo inagwira oposa 33,000 n'kupha pafupifupi 1,000. Ine nthawi imeneyo ndinali mnyamata, ndikukumbuka mizere ya pa Admarc kuposa mmene ndikukumbukira nkhani ya kolera, umboni wakuti tinkaiona ngati ya ena. Katemera wakumwa anayamba kugwiritsidwa ntchito kwambiri mu 2015 ku Nsanje madzi atasefukira, ndipo mu 2016 anafika kwa asodzi a pa nyanja ya Chilwa okhala m'zimbowera, nyumba zoyandama pamadzi zija.

Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, mu Malichi kunabwera Gombe, zimbudzi ndi zitsime kummwera zinasakanikirana. Pa 3 Malichi 2022 unduna wa zaumoyo unalengeza kuti kolera yabuka, wodwala woyamba atapezeka ku Machinga. Tonse tinkayembekezera kuti mvula ikatha nayo itha, monga mwa chizolowezi chake. Siinathe. Inadutsa chilimwe chonse, n'kukwera m'mbali mwa nyanja, ndipo pofika Ogasiti ndi Seputembala boma la Nkhata Bay linali pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri, Rumphi ndi Karonga nawonso akulira. Kuchoka kunyanja kufika kuno n'kovuta ngati? Usipa umakwera tsiku lililonse, malole a matabwa amatsika tsiku lililonse, ndipo msewu wa M1 umadutsa pakati pathu penipeni. Kuzizira kwa Chikangawa sikupha bakiteriya amene wabwera m'mimba mwa munthu. Komanso tinene zoona, ndi misasa ingati ya ocheka matabwa m'nkhalangomu imene ili ndi chimbudzi? Anthu amathandizidwa patchire, mvula n'kukokolera mumtsinje womwe akumwa.

Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti mliriwu ndi ngozi ya dziko pa zaumoyo. Mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi milungu iwiri. Pa 13 Febuluwale anakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera kwa Mgona ku Lilongwe, ndipo mwezi wotsatira namondwe Freddy anadzaonjezera chipsinjo. Maboma onse 29 a zaumoyo anakhudzidwa. Ana amandifunsa kuti bwanji 29 pamene mapu akuti 28, ndipo yankho ndi ife tomwe: Mzimba ndi wamkulu moti pa zaumoyo anamugawa pawiri, kumpoto ndi kummwera. Pomaliza anthu pafupifupi 59,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira, mliri woopsa kuposa wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Mukawerengera, ndi imfa zitatu mwa odwala 100 alionse. Nambala imeneyi ikufanana ndi ya ku Nyamithuthu mu 1990, ndiponso ndi ya Mahalanabis mu 1971, amene anali ndi migolo ndi makapu basi. Apa ndiye pamene mtima wanga umawawa: zaka 50 zapita, nzeru zonse tili nazo, koma chiwerengero chaima pomwepo. Katemera nayenso anachepa padziko lonse, moti mu Okutobala 2022 ogawa katemerayu anaganiza zoti munthu azilandira kamodzi m'malo mwa kawiri kuti akwanire ambiri.

Ndibwerere kwa mlamu wanga. Usiku umenewo m'nyumba munalibe Thanzi. Mkazi wanga anawiritsa madzi, nayeza lita imodzi ndi botolo, nathiramo masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere, monga anaphunzirira kusikelo ana ali aang'ono. Anayamba kumumwetsa pang'onopang'ono, akasanza kudikira mphindi zochepa n'kuyambiranso. Ine ndinatuluka kukasaka galimoto. Ambulansi titaimbira anati ilibe mafuta. Tinapeza lole ya matabwa cha m'ma 4 koloko, woyendetsa atatichitira chifundo, ndipo mlamu wangayo anagona pamwamba pa matabwa mu nkhungu imeneyo, mlongo wake ali pambali ndi botolo ndi kapu. Titafika, namwino anatsina khungu la pamimba, khungulo linaima osabwerera. Anafunsa ngati wakhala akumwa kanthu m'njira, ndipo atamva anangoti, “Mayi, mwachita bwino.” Anamuika madilipi awiri nthawi imodzi, mkono uku ndi uku.

Ndinakhala masiku atatu pafupi ndi tenti imeneyo, ndipo monga mphunzitsi ndinkafunsa mafunso mpaka kutopetsa anthu. Tentiyo anaiika patali ndi mawodi ena, atazinga ndi mpanda wa pulasitiki, khomo limodzi lolowera. Pa khomopo pamakhala munthu ndi chopopera, kupopera mapazi a aliyense wolowa ndi wotuluka, ndi ndowa yosamba m'manja. Mabedi ake ndi oboola pakati, pansi pake ndowa, ina kumutu ya masanzi. Poyamba ndinaona ngati kunyoza munthu, koma anandifotokozera kuti wodwala sangathe kumadzuka mphindi iliyonse, ndipo ndowayo imathandiza namwino kuona kuchuluka kwa madzi amene atuluka kuti abwezere ofanana nawo. Kolorini amasungunula mitundu itatu: wofooka wa 0.05 peresenti wosamba m'manja, wa 0.2 peresenti wokolopera pansi ndi kuchapira zofunda, ndi waukali wa 2 peresenti wothira m'ndowa za chimbudzi ndi masanzi komanso wokonzera thupi la womwalira. Madzi a mu dilipi ndi otchedwa Ringer's lactate. Mankhwala opha bakiteriya, monga doxycycline womwa kamodzi kokha, amapatsa amene yawagwira kwambiri kuti afupikitse kutsekulako, ndipo ana amawonjezera zinc. Koma anandiuza mobwerezabwereza kuti mapiritsiwo ndi othandizira chabe, mwini ntchito ndi madzi.

Chovuta kwambiri pamalo otere ndi ife achibale. Mwambo wathu umati munthu akadwala mudzi wonse ukamuone, aliyense ndi kambale ka phala kapena nsima yokulunga m'nsalu. Pa tenti ya kolera amalola gadiyani mmodzi yekha. Ndinaona agogo ena akukalipira mlonda kuti mwana n'ngwawo, sanabereke boma, ndipo ndinawamvetsa. Koma mbale imene yalowa m'tenti n'kubwerera kumudzi, chitenje chimene chapukuta wodwala n'kukachapidwa kumtsinje, ndi njira imene chipatala chimasandukira kasupe wa nthenda m'malo mokhala mathero ake. Maliro ndiye nkhani ina yowawa. Thupi la womwalira ndi kolera silisambitsidwa ndi achibale, amalikonza a zaumoyo, ndipo mwambo umafupikitsidwa, osaphika chakudya cha khamu. Anthu atalephera kuona nkhope ya m'bale wawo komaliza, mphekesera zinayamba, zakuti m'matenti akubaya anthu jakisoni wakupha kapena akuchotsa ziwalo. M'maboma ena a pakati ndi kummwera anthu anafika pogenda zipatala ndi kuthamangitsa anamwino. Zotsatira zake n'zodziwika: wodwala amabisidwa m'nyumba mpaka atauma, akafika naye kuchipatala amamwalira tsiku lomwelo, ndipo imfayo imakhala ngati umboni wa mphekesera ija. Ine sindiika mlandu wonse pa anthu a kumudzi. Ku Europe nakonso mu 1831 ndi 1832 anthu anachita zipolowe, ku St Petersburg ndi ku Liverpool, akunena kuti madokotala akupha osauka. Pamene palibe wofotokoza modekha m'chilankhulo cha anthu, mantha amadzipezera okha nkhani. Kumene mafumu ndi atsogoleri a mipingo anaitanidwa kukaona m'tenti ndi maso awo, zinthu zinkayendako bwino.

Pali kanthu kena kamene sing'anga wa pa tentipo anandiuza nditamuuza monyadira kuti kunyumba ndimasunga makapusozi a amoxicillin ndi mapiritsi a bactrim, mwana akangotsekula ndimamupatsa. Anandiyang'ana ngati mwana wa fomu 1. Anati pali bakiteriya wina wa m'matumbo, nayenso wotulutsa poizoni, amene nyumba yake yeniyeni ndi chipatala, ndipo chimene chimamutsegulira khomo ndi mankhwala omwewo opha mabakiteriya. Dzina lake ndi Clostridioides difficile, kale ankati Clostridium difficile. Nditabwerera ndinakawerenga. Anamupeza mu 1935 Ivan Hall ndi Elizabeth O'Toole m'chimbudzi cha makanda athanzi, namutcha difficile, kutanthauza wovuta, poti ankavuta kumera mu labotale. Kwa zaka zoposa 40 ankaoneka wosalakwa, mpaka mu 1978 pamene zinadziwika kuti ndiye amayambitsa kutsekula koopsa ndi zilonda za m'matumbo kwa odwala amene amwa maantibayotiki. M'matumbo mwathu muli mabakiteriya abwino ochuluka amene amamupanikiza. Mankhwala akawapululutsa, iye amatsala yekha m'munda wolimalima. Amapanga timbewu tolimba timene timakhala miyezi pa bedi, pa chitseko ndi pa chimbudzi, ndipo sanitaiza uja tinazolowera nthawi ya Covid-19 satipha ayi. Chimene chimagwira ntchito ndi sopo ndi madzi m'manja, kolorini pansi ndi pa mabedi, ndi kugoneka wodwalayo payekha, zomwe zija za pa tenti. Ku England, dziko la zipatala zonyezimira, anthu oposa 30 anafa naye pa chipatala cha Stoke Mandeville pakati pa 2003 ndi 2005. Kuchiza kwake ndi kuyamba waleka mankhwala amene anayambitsa vutolo, kenaka kumwa vancomycin kapena fidaxomicin, ndipo kwa amene nthenda ikungobwerera amafika poika m'matumbo mwawo mabakiteriya ochokera m'chimbudzi cha munthu wathanzi. Musaseke, ku Amsterdam anaziyesa ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013 zikuonetsa kuti njirayi imaposa mankhwala. Kuno kwathu ofufuza anapezapo poizoni wa bakiteriyayu mwa odwala ena akuluakulu ogonekedwa pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, ndiye asatinamize munthu kuti ndi nthenda ya azungu. Makapusozi anga aja ndinakataya m'chimbudzi chokumba.

Mlamu wanga anatuluka tsiku lachinayi, atachepa ngati mnyamata wa sitandade 8, akufunsa za dengu lake la usipa. Mlangizi wa zaumoyo anabwera kunyumba kwathu kudzapopera chimbudzi ndi zofunda, natisiyira kabotolo ka kolorini kothira m'madzi akumwa, ndipo palibe wina anadwala pakhomo pathu. Mu Ogasiti 2023 boma linati kolera siilinso ngozi ya dziko, ndipo mu Julaye 2024 linalengeza kuti mliri umenewo watha, ngakhale odwala apa ndi apo anadzapezekanso pambuyo pake.

Teremu ino ndapatsa ana a kalabu yathu ya mbiri ntchito yofunsa akuluakulu m'midzi mwawo za matenda amene anawaona. Mtsikana mmodzi wabwera ndi nkhani ya agogo ake aamuna, amene akuti analembedwa ntchito ya kolera m'zaka za m'ma 1970 n'kutumizidwa kummwera ndi njinga ndi chitini cha mankhwala a m'zitsime. Ndikukonza zokacheza nawo tikatsekera, akadali ndi mphamvu zolankhula. Ngati wina mwa inu ali ndi kholo kapena m'bale amene anagwirapo ntchito imeneyi, kapena amene anatumikira m'misasa ya ku Nsanje, chonde ndidziwitseni. Ndili ndi kope latsopano ndi foni yojambula mawu, ndipo ulendo wa basi ndidzilipirira ndekha.